LibreOffice pa makompyuta a mu ofesi yathu: zomwe ndaona patatha chaka ndi theka

Ofesi yathu ndi ya zipinda ziwiri, pafupi ndi depoti ya mabasi, ndipo ntchito yathu ndi kulembera anthu makalata ofunsira ntchito, ma CV, makhadi a ukwati, timabuku ta ndondomeko ya mwambo wa maliro, malipoti a makomiti a mpingo, komanso kusindikiza zolemba za ophunzira a m'makoleji. Tili ndi makompyuta asanu, onse ogula atagwiritsidwa kale ntchito kwina, ndipo kwa zaka zambiri mapulogalamu olembera omwe anali m'makompyutawa ankatiikira mnyamata wina wokonza makompyuta, amene ankabwera ndi fulashi m'thumba, kuika zonse pa mphindi zochepa, n'kulandira kangachepe. Sitinkafunsa za laisensi, ndipo iye sankaitchula. Tsiku lina kapulogalamu komwe ankagwiritsa ntchito ponamiza kompyuta kuti tinalipira kanabwera ndi vayirasi, ndipo mafayilo a makasitomala a miyezi itatu anasanduka zinthu zosatsekuka. Ndinakhala masiku awiri ndikupepesa anthu, kuphatikizapo bambo wina wachikulire, mlembi wa komiti ya zomangamanga pa mpingo wake, amene lipoti lake la chaka chonse tinalilembanso kuchokera m'kope lake la pamanja.

Apa m'pamene ndinakhala pansi n'kuwerengera mtengo wochita zinthu mwachilungamo. Microsoft 365, gulu la mapulogalamu monga Word ndi Excel, imalipiridwa mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, ndipo mtengo wake amauwerengera pa ndalama zakunja. Ya munthu mmodzi, yomwe inali pa madola 69.99 pachaka ku America, inakwera kufika pa madola 99.99 kumayambiriro kwa 2025, ndipo laisensi ya mtundu umenewo ndi yogwiritsa ntchito pakhomo, siloleza kuchitira bizinesi monga yathu. Aliyense amene anali ndi malonda m'dziko muno mu November 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, akudziwa tanthauzo la kukhala ndi ngongole ya chaka ndi chaka yowerengeredwa m'madola, osanenanso za vuto lopeza khadi la ku banki lomwe lingalipire kunja pa nthawi yomwe ndalama zakunja zikusowa. Chomwe chinandidetsa nkhawa koposa mtengo ndi chomwe chimachitika ukalephera kulipira: pulogalamuyo imakulola kutsekula ndi kuwerenga zolemba zako, koma kusintha kapena kulemba chatsopano imakana. Kwa ife zimenezo zikutanthauza kutseka chitseko cha ofesi.

Motero ndinaika LibreOffice pa makompyuta onse asanu. Ndi gulu la mapulogalamu asanu ndi limodzi: Writer yolembera, Calc yowerengetsera, Impress yokonzera zoonetsa pa misonkhano, Draw yojambulira, Base yosungira mndandanda wa zinthu zambiri, ndi Math yolembera masamu. Imayendetsedwa ndi bungwe losachita malonda la The Document Foundation, lomwe linalembetsedwa ku Berlin m'dziko la Germany. Fayilo yoikira pa Windows ndi yoposa mamegabaiti 300, choncho ndinagula bandulo kamodzi, kuitenga pa intaneti usiku, kenako kuiyendetsa pa fulashi kuchoka pa kompyuta imodzi kupita pa inzake. Kuchita zimenezi si kuba, chifukwa laisensi yake, yotchedwa Mozilla Public License 2.0, imalola aliyense kuigwiritsa ntchito, kuikopera, kuigawira ena, ngakhalenso kuisintha, kaya ndi pakhomo, pasukulu kapena pa bizinesi. Sipafunika kulembetsa dzina, sipafunika nambala yachinsinsi, ndipo ikangolowa m'kompyuta imagwira ntchito popanda intaneti. Izi ndi zomwe akatswiri amatcha open source: malangizo onse omwe pulogalamuyo inalembedwera ali poyera, ndipo aliyense wodziwa ntchitoyi akhoza kuwawerenga ndi kuwakonza.

Poyamba ndinkaona ngati nkhani ya laisensi ndi ya maloya, yosakhudza munthu wolemba makhadi a ukwati, koma mbiri ya pulogalamuyi inandisintha maganizo. Gwero lake ndi StarOffice, ya kampani ya ku Germany yotchedwa StarDivision, yomwe kampani ya Sun Microsystems inagula mu 1999 n'kutsekula malangizo ake mu 2000 pansi pa dzina la OpenOffice.org. Anthu ambiri ongodzipereka ankathandiza kuikonza, koma Sun inkafuna kuti aliyense wopereka ntchito yake asayinire kuti kampaniyo nayonso ikhale mwini wake wa zomwe walembazo, ndipo ambiri zimenezi sizinkawasangalatsa. Mu January 2010 kampani ya Oracle inamaliza kugula Sun, ndipo tsogolo la pulogalamuyi linagwera m'manja mwa eni atsopano amene mtima wawo sunkadziwika. Pa 28 September chaka chomwecho, gulu la okonza pulogalamuyi linatenga malangizo onse, monga momwe laisensi inkawalolera, n'kuyamba paokha pansi pa dzina la LibreOffice. Anapempha Oracle kuti ilowe nawo ndi kupereka dzina lakale lija, koma Oracle inakana, ndipo inauza a gulu latsopanoli omwe anali m'khonsolo ya OpenOffice.org kuti atule pansi maudindo. Mu 2011 Oracle inapereka OpenOffice ku bungwe la Apache Software Foundation, komwe ilipo mpaka lero, koma kuyambira 2014 yangokhala pa mndandanda wa 4.1 ndi tizigamba ta apo ndi apo, pomwe LibreOffice imatulutsa yatsopano kawiri pachaka. Ndikunena izi chifukwa anthu ena amaikabe OpenOffice poganiza kuti ndi chinthu chimodzi. Chachikulu kwa ine n'chakuti kampani itagulidwa, pulogalamuyo sinafe nayo limodzi, popeza laisensi inapatsa anthu ufulu wonyamula katundu n'kusamuka.

Writer ndiyo timaigwiritsa ntchito tsiku lonse, ndipo pa ntchito yoyambira mu ofesi mwathu mpaka kukathera pa printa, sindinaipezepo chifukwa. Makalata, ma CV, malipoti okhala ndi mitu ndi manambala a masamba, mndandanda wa zam'kati womwe umadzikonza wokha, makalata ofanana opita kwa anthu ambiri osiyana mayina, zonsezi zimatheka bwino lomwe. Batani lotulutsira PDF lili pamwamba pomwe, ndipo lili ndi chinthu chimodzi chomwe ndachikonda kwambiri: ukhoza kusankha kuti fayilo yoyambirira ibisike m'kati mwa PDF, kotero kuti kasitomala akabweranso ndi PDF yomweyo patatha miyezi kuti tisinthe nambala ya foni pa CV yake, Writer imaitsekula ngati chikalata wamba chosinthika. Pa makompyuta athu okalambawa imachedwa pang'ono kutsekuka m'mawa, koma ikatsekuka imayenda mosavuta. Magetsi akathima mwadzidzidzi, monga zimachitikira kuno, imabweza zomwe umalemba ukayatsanso, ndipo ine ndinachepetsa nthawi yosungira yokha kufika pa mphindi zitatu, popeza kasitomala amene wakhala pambali pako akukuuza zolemba sakondwa kubwereza ndime yonse.

Pa Chichewa, ikangoikidwa kumene imachita monga amachitira mapulogalamu ena olembera: liwu lililonse imalidula mzere wofiira kunsi ngati lolakwika, chifukwa ikuliyesa Chingerezi. Njira yachidule ndi kuiuza kuti chikalatacho chilibe chinenero choti iyang'anire. Njira yabwino ndi kumawonjezera mawu mu mtanthauziramawu wako, ndipo chosangalatsa n'chakuti mawuwo amasungidwa m'kafayilo ka zilembo wamba komwe ukhoza kukopera pa kompyuta ina. Ife tadzaza m'menemo mayina a midzi, a mafumu ndi a mabanja a kuno, omwe amalakwika kawirikawiri pa makhadi, ndipo aliyense amene anasindikizapo makhadi a ukwati mazana awiri dzina la ankhoswe litalakwika akumvetsa phindu lake. Makasitomala ena achikulire amafunabe chilembo cha ŵ m'mawu monga Malaŵi. Ukalemba U+0175 n'kudina Alt ndi X chimatuluka, ndipo ukhoza kuiphunzitsa kuti izichiika yokha.

Vuto loyamba silinali la pulogalamu koma la zala za anthu. Mayi amene wakhala akutayipa mu ofesi yathu kwa nthawi yaitali kuposa tonse anakhala sabata yoyamba akudandaula. Tsiku lina, kasitomala ali chiimire pakhomo ndi envelopu m'manja, ndinawamva akuti, “Bwana, ndiye mwabisa kuti kotembenuzira pepala? Bwezani zakale zija, anthu akudikira.” Ndinapita pambali pawo n'kusintha maonekedwe a pulogalamuyo kuti mabatani akhale m'magulumagulu pamwamba, mofanana ndi momwe anazolowerera, zomwe LibreOffice yakhala ikulola kuyambira mu 2019. “Mayi, taonani tsopano,” ndinatero. Anayang'ana kwa kanthawi, kupeza chomwe ankafuna, ndipo sanayankhe kanthu, zomwe kwa iwo ndi kuvomereza. Patatha mwezi dandaulo linatheratu. Ndikuona kuti amene akufuna kusamutsa antchito ake ayambe ndi kusintha maonekedwewa tsiku loyamba lomwe, m'malo modikira kuti anthu ayambe kudana ndi chinthu chomwe sanachidziwe.

Vuto lenileni, lomwe silinathe ndipo sindikuyembekezera kuti litha posachedwa, ndi la mafayilo ochokera kunja kwa ofesi. Pafupifupi aliyense amene amalowa ndi fulashi kapena kutitumizira chikalata pa WhatsApp amabweretsa fayilo ya docx, yomwe ndi ya Word. Writer imatsekula mafayilowa, ndipo ngati ndi kalata wamba kapena lipoti losavuta palibe chimasintha. Koma chikalata chikakhala chachitali, chokhala ndi matebulo olowana, zithunzi zoyandama pakati pa mawu ndi timabokosi ta mawu, zinthu zikhoza kusuntha. Mtsikana wina wa ku koleji anabwera madzulo ndi ntchito yake yomaliza ya masamba oposa makumi asanu ndi atatu, yofunika kuperekedwa m'mawa mwake. Titaitsekula, mutu wachitatu unayambira pansi pa tsamba m'malo mwa pamwamba, tebulo lina linaduka pakati, ndipo manambala a pa mndandanda wa zam'kati sanagwirizanenso ndi masamba. Nkhope yake inagwa. Titafufuza tinapeza kuti kulakwa kunali kwathu ndi kwake pamodzi: iye anakankhira mitu pa masamba atsopano podina Enter kambirimbiri m'malo moika chodulira tsamba, ndipo ife tinalibe fonti (mtundu wa zilembo) yomwe analembera, choncho kompyuta inaikapo ina yotakata pang'ono, n'kukankha mizere yonse. Tinamuuza kuti abwerere ku laputopu ya mnzake akaisunge ngati PDF, ndipo atabwera nayo inatuluka monga anaikonzera.

Nkhani ya mafontiyi ndi yofunika kuimvetsa, chifukwa m'menemo ndi mobisala theka la madandaulo omwe anthu amaneneza LibreOffice. Calibri ndi Cambria, omwe anali mafonti oyambira a Word kuyambira 2007, ndi katundu wa Microsoft wokhala ndi laisensi yake. Pali mafonti aulere omwe anapangidwa dala kuti chilembo chilichonse chikhale ndi m'lifupi wofanana ndi wa amenewa: Carlito m'malo mwa Calibri, Caladea m'malo mwa Cambria, ndi a banja la Liberation m'malo mwa Arial ndi Times New Roman. Akakhalapo, mizere imathera pomwe inayenera kuthera. Koma Microsoft inasinthanso fonti yoyambira kukhala Aptos kuyambira 2023, ndipo zikalata zatsopano zambiri zikubwera ndi imeneyo, yomwe pa makompyuta athu palibe. Munthu wolemba sanasankhe fontiyo, anangotsekula pulogalamu n'kuyamba kutayipa, koma chikalata chakecho tsopano chimaoneka bwino pokhapokha pa kompyuta yomwe ili ndi katundu wa kampani imodzi. Umu ndi momwe chingwe chimamangidwira: palibe amene amakukakamiza, koma aliyense amene umalemberana naye amakukokera komweko.

Mkangano wa mtundu wa mafayilo ndi wakale, ndipo unafika mpaka ku mabungwe oona za miyezo pa dziko lonse. LibreOffice imasunga zolemba mu mtundu wotchedwa OpenDocument, monga odt ndi ods, womwe bungwe la ISO linauvomereza mu 2006. Microsoft inabweretsa wake, Office Open XML, wofotokozedwa m'masamba pafupifupi 6,000, ndipo ISO inauvomereza mu 2008 pambuyo pa mavoti omwe anadzetsa phokoso lalikulu. South Africa, yomwe boma lake linali litasankha kale OpenDocument mu 2007, inali yoyamba kuchita apilo, ndipo Brazil, India ndi Venezuela anatsatira, ngakhale apiloyo sinaphule kanthu. Chomwe chinavomerezedwa chili ndi mitundu iwiri, wokhwima wotchedwa Strict ndi wina wotchedwa Transitional womwe umanyamula zizolowezi zakale za Word, ndipo Word imasunga mu wachiwiriwu munthu akapanda kuisintha. Ndiye okonza LibreOffice amakhala akuthamangitsa chinthu chomwe mwini wake yekha ndiye amachidziwa mpaka pansi. Chaka ndi chaka akuyandikira, ndipo kusiyana pakati pa yomwe tinayamba nayo ndi yomwe tili nayo lero kukuoneka, koma amene angakuuzeni kuti docx iliyonse imatsekuka ndendende akukunamizani.

Calc ndimaigwiritsa ntchito polemba ndalama zolowa ndi zotuluka, malipiro a antchito, ndi kuwerengera mapepala ndi inki, ndipo pa zimenezi ilibe chosowa. Masamu ake ndi ofanana ndi a Excel, ndipo kuyambira pa LibreOffice 24.8, yotuluka mu August 2024, inalandira njira zosakira ndi kusanja manambala zotchedwa XLOOKUP, FILTER, SORT ndi UNIQUE, zomwe anthu ozolowera Excel yatsopano ankazifuna. Pomwe imagwa mphwayi ndi pa ma macro, timalangizo tomwe anthu amalemba m'kati mwa fayilo ya Excel m'chinenero cha VBA kuti ntchito zina zizichitika zokha. LibreOffice imamva mbali ya chinenerochi, osati chonse. Mlembi wa kalabu ina ya alimi amabwera kwa ife miyezi itatu iliyonse ndi fomu ya lipoti yochokera ku bungwe lomwe limawathandiza, ndipo fomuyo ili ndi mabatani, malo okhoma ndi ma macro ambiri. Bungwelo silinaganizepo kuti kalabu ya kumudzi ingakhale yopanda pulogalamu yogula, ndipo linawauza kuti fomu yosinthidwa mtundu silandiridwa. Pa Calc manambala amalowa, koma batani lomaliza lophatikiza lipoti siliyankha. Apa palibe nzeru ina, pamafunika Excel yeniyeni.

Impress ndi yomwe ndingaipatse malikisi ochepa. Imagwira ntchito, ndipo zoonetsa pa msonkhano wa mpingo kapena wa makolo pasukulu zimatheka, koma zitsanzo zokonzeratu zomwe imabwera nazo ndi zochepa ndiponso zosakopa maso, ndipo mafayilo a PowerPoint okhala ndi zoyendayenda zambiri amafuna kuwaunikanso tsamba ndi tsamba. Base sindinaigwiritse ntchito mokwanira kupatula kuona kuti mbali zina zimafuna kuti muike kaye pulogalamu ina yotchedwa Java.

Draw ndiyo inandidabwitsa. Makhadi ambiri a ukwati ndi timabuku ta maliro m'maofesi ngati athu akhala akukonzedwa pa Microsoft Publisher, ndipo ife tili ndi mafayilo a mtundu umenewo a zaka zambiri, omwe timangosintha mayina, chithunzi ndi nyimbo. Microsoft inalengeza kuti Publisher ifika kumapeto mu October 2026 ndipo ichotsedwa mu Microsoft 365, kutanthauza kuti ngakhale munthu amene wakhala akulipira mokhulupirika adzatsala ndi mafayilo opanda chotsekulira cha kampani yomwe inawapanga. Draw imatsekula mafayilo a Publisher. Siimawatsekula mwangwiro, timabokosi tina timasuntha ndipo zokongoletsa zina zimasowa, koma mawu ndi zithunzi zimabwera, ndipo munthu ukhoza kukonza n'kusunga mwatsopano. M'mawa wina kunabwera mayi atavala chitenje cha mpingo, maso ali ofiira, akufuna kabuku ka maliro a mchimwene wawo kofanana ndi komwe tinawakonzera pa maliro a bambo awo zaka zapitazo, chifukwa nyimbo ndi mavesi ankafuna zomwezo. Fayilo yakaleyo inapulumuka vayirasi ija popeza inali pa diski ina. Ndinaitsekula pa Draw, kubwezera malire a maluwa omwe anapendekeka, kusintha dzina, masiku ndi chithunzi, ndipo mayiwo ananyamuka ndi timabuku tawo galimoto yonyamula anthu isanadzaze. Draw imatsekulanso PDF kuti ukonze liwu limodzi kapena awiri, ngakhale kuti pa chikalata chachitali ntchitoyo ndi yotopetsa, chifukwa mzere uliwonse umakhala kabokosi pakokha.

Pali zomwe LibreOffice ilibiretu, ndipo munthu ayenera kuzidziwa asanachotse chomwe ali nacho. Ilibe pulogalamu ya imelo ndi kalendala yofanana ndi Outlook. Ambiri amaika Thunderbird, yomwenso ndi yaulere. Ilibe malo ake osungira mafayilo pa intaneti, ndipo kulemba chikalata chimodzi anthu angapo nthawi imodzi sikutheka pa yoika m'kompyutayi. Zimenezo amapereka ndi makampani monga Collabora ya ku Cambridge, omwe amamanga pa malangizo a LibreOffice n'kumagulitsa chithandizo. Pa foni, pomwe Amalawi ambiri amawerengera zikalata, ilibe mphamvu ngati pa kompyuta. Ndipo zikavuta palibe nambala yoimbira. Mayankho ali pa intaneti, ambiri m'Chingerezi, olembedwa ndi anthu ongodzipereka, ndipo amisiri ambiri a makompyuta a m'matauni mwathu sanaizolowere, moti ukawaitana chinthu choyamba chomwe amanena ndi chakuti aichotse aikemo Microsoft Office ya crack, yopanda laisensi. Komanso ufulu wa laisensi sutanthauza kuti kompyuta yakale idzatumikiridwa mpaka kalekale: kuyambira pa 25.8, LibreOffice inasiya kuthandiza Windows 7 ndi 8.1. Kusiyana kwake n'kwakuti yakale yomwe uli nayo siyizima, ndipo kompyuta yomwe Windows 11 yaikana ikhoza kulandira Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, pomwe LibreOffice imayenda chimodzimodzi. Funso la makompyuta akale lakula kuyambira pa 14 October 2025, tsiku lomwe chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10, pamodzi ndi cha Office 2016 ndi 2019, chinatha.

Zomwe takumana nazo m'zipinda zathu ziwiri zachitikiranso maboma a ndalama zawo. Mzinda wa Munich ku Germany unaganiza mu 2003 zosamukira ku Linux ndi mapulogalamu olembera a open source, ngakhale kuti Steve Ballmer, mkulu wa Microsoft pa nthawiyo, anapita yekha kukaonana ndi meya Christian Ude. Pofika 2013 makompyuta pafupifupi 15,000 anali atasamuka, koma mu 2017 khonsolo ya mzindawo, pansi pa meya wina, inavota zobwerera ku Windows, ndipo limodzi mwa madandaulo linali lomwe lija la kusinthana zikalata ndi maofesi ena. Ena amakumbutsanso kuti Microsoft inali itangosamutsira likulu lake la ku Germany mu mzindawo mu 2016. Komabe mtsinjewu sunaime: boma la chigawo cha Schleswig-Holstein ku Germany komweko linalengeza mu 2024 kuti likusamutsa makompyuta pafupifupi 30,000 kupita ku LibreOffice, ndipo mu 2025 asilikali a ku Austria anachita chimodzimodzi ndi makompyuta pafupifupi 16,000. Chifukwa chomwe onsewa amatchula patsogolo si mtengo, koma kuti zikalata za boma zisadalire chifuniro cha kampani ya dziko lina. Boma la Britain nalo linasankha OpenDocument mu 2014 kukhala mtundu wogawanirana zikalata zosinthika. Ndikamawerenga zimenezi ndimaganiza za mafomu a maofesi athu a boma, a masukulu ndi a mabungwe, omwe amatumizidwa mu docx ndi xlsx ngati kuti aliyense wowalandira anagula laisensi, pomwe tonse tikudziwa momwe mapulogalamu amalowera m'makompyuta ambiri m'dziko muno.

Chigamulo changa n'chakuti LibreOffice ndi yoyenera kwa sukulu, mpingo, kalabu, wophunzira, ndi bizinesi yaing'ono iliyonse yomwe zolemba zake zimayambira pa iyo yokha n'kuthera pa pepala kapena pa PDF. Kwa amene ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi kubwezerana mafayilo ovuta a Word ndi Excel ndi likulu kapena ndi opereka thandizo, siyikwanira payokha, ndipo kumukakamiza kungakhale kumuika pa mkangano ndi anthu omwe amamulipira. Ife tinagwira pakati. Tinasonkha ndalama n'kugula laisensi imodzi ya Office Home & Business 2024, yolipira kamodzi, yomwe Microsoft inati idzaithandiza mpaka October 2029, ndipo ili pa kompyuta ya pakona, yomwe ntchito yake ndi fomu ya alimi ija ndi zikalata zouma mutu. Makompyuta anayi otsalawo ali pa LibreOffice, ndipo awiri mwa iwo tsopano ali pa Linux Mint.

Tinakhazikitsanso malamulo awiri a mu ofesi. Chilichonse chomwe talemba tokha timachisunga mu odt kapena ods, ndipo docx timangoitulutsa kasitomala akaipempha, chifukwa kusunga ndi kutsekula docx mobwerezabwereza pa Writer ndi komwe kumaunjika tizolakwika. Lachiwiri tinalilemba ndi zilembo zikuluzikulu n'kulimata pa chitseko, pamwamba pa mitengo ya fotokope: wobwera kudzasindikiza chikalata choposa masamba khumi abwere nacho mu PDF. Mafayilo a Publisher tikuwasamutsira mu Draw pang'onopang'ono, asanu kapena asanu ndi limodzi Loweruka lililonse masana makasitomala akachepa, ndipo mayi aja omwe ankafuna zakale ndi amene akutsogolera ntchitoyi. Tayamba ndi a maliro, popeza amenewo safuna kudikira.